Mlendo Wopanda Kalata

Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo sindibisa. Kusukulu ya sekondale komwe ndimaphunzitsa, kufupi ndi Namitete, ana amandidziwa, aphunzitsi anzanga amandidziwa, ngakhale mbuzi zolowa m'dimba la sukulu zikangondiona zimatembenuka zokha. Amayi anga, a Zelifa, ankati pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndinkawayankha kuti, "Faness wanuyu munabala nokha, musadandaule." Koma chaka chimenecho, m'mwezi wa Januwale, amayi atagwidwa ndi matenda a mtima n'kuyamba kutupa miyendo, nthabwala zinatha. Adokotala anatiuza mosazungulira kuti tisayembekeze zambiri. Amayi nawo anadziwa, ndipo pempho lawo linali limodzi lokha: aone achimwene anga a Alufeyo asanatseke maso.

Vuto linali loti palibe ankadziwa komwe a Alufeyo ali, ndipo amene anawathamangitsa ndinali ine. Zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, abambo akudwala, achimwenewo anali ku esiteti ya fodya monga tenanti, osanena kuti esiteti yake iti. Ndinadwazika ndekha, kusambitsa ndekha, kunyamula ndekha. Iwo anatulukira patatha masiku atatu titaika maliro, kachikwama kali paphewa, anthu adakali pasiwa. Ndinaimirira pamaso pa onse n'kunena kuti, "Bwererani komwe mwachokera, kuno sitikukufunani." Anapita kumanda, n'kugwada pang'ono, kenako n'kulowera njira ya ku Msundwe. Kuchokera tsiku limenelo sitinalandire kalata, ngakhale moni wotumiza pa munthu.

Ife aphunzitsi angapo pamodzi ndi akulu a mpingo tinali ndi tsamba lathu la pa intaneti lotchedwa Tipezane. Kwathu kuno anthu amasowana kwambiri chifukwa cha fodya. Banja lichoka ku Mulanje kapena ku Mangochi kudzalima ku Nsaru, chaka chamawa lasamukira ku Kabudula, foni yagwera m'madzi, nambala yasintha, basi abale asowana. Patsambalo tinkaika chithunzi cha wosowayo, uthenga wa abale ake, ndi kabokosi kolembamo yankho. Wosowa aliyense anali ndi nambala yake. Ndinali nditaikapo anthu makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi a mabanja a eni, koma wanga ndinkachita naye manyazi. Amayi atadwala ndinameza manyaziwo. A Alufeyo anakhala nambala 47, ndi chithunzi chakale cha pa ukwati wanga, atavala jekete yowapitirira manja.

Ndinadulanso timapepala, pa kalikonse n'kulembapo dzina lawo, mawu oti abale anu akukufunani, ndi adiresi ya tsambalo yokhala ndi 47 kumapeto, kuti wolemba mufoni afikire pankhope pawo penipeni. Za matenda a amayi ndi nambala yanga ya foni sindinalembepo. Ndinati zimenezo akaziwerenga patsamba, poti tsambalo ndinkalinyadira kwambiri. Timapepalato ndinapatsa a Mose, mkulu wa mpingo amene amayendera pa njinga nyumba za mapemphero za m'maesiteti, kuti akawerenge pa zolengeza n'kugawa. A Mose ndi munthu wabwino, koma ndi aja amafunafuna chipewa chili kumutu. Masabata anadutsa, zii. Ndinangoti timapepala tija tinachapidwa m'thumba la thalauza, n'kutichotsa m'mutu.

M'malo mwa achimwene kunabwera zina. Foni ikalira kuti m'kabokosi mwalowa yankho, ine mtima phaa, kuthamangira, n'kupeza uthenga wa Chingerezi wotsatsa juga. Wina wa mankhwala okulitsa zosatchulika pagulu. Wina wa zilembo za kumayiko akutali zomwe sindinaziphunzire. Tsiku lina analowa oposa mazana atatu. Ndinkatsegula umodziumodzi poopa kuti wa achimwene ungabisale pakati pawo. Ndinkaphunzitsa dzanja limodzi lili pa bolodi, lina lili m'thumba pa foni. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuimirira, ndikaimirira osadziwa kolowera. Tsamba lenilenilo linayamba kulemera, kutseguka kwake ngati ngolo ya m'matope, ndipo mabanja ena anayamba kudandaula kuti sakuona abale awo.

Loweruka lina kumayambiriro kwa Malichi ndinakwera minibasi ya ku Msundwe. Kumeneko kuli alamu anga a Owen, akulu awo a amuna anga, omwe ali ndi shopu yokonza mafoni ndi makompyuta, ndipo ndiwo anatimangira tsambalo. Ndi bambo wa imvi m'ndevu, wodekha mpaka kukwiyitsa. Ndinawaponyera foni patebulo ndisanawapatse moni.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero, osayang'ana foniyo.

"Sindinadzuke. Onani zimene tsamba lanu likundidyetsa."

Anaseka, n'kutsegula laputopu yawo pang'onopang'ono ngati tili ndi chaka chonse. "Awa si anthu, alamu, ndi maloboti. Timapulogalamu timene anthu ena amatuma kuti tizingoyendayenda pa intaneti. Tikapeza kabokosi kotsegula timatayamo zotsatsa."

"Ndiye tithamangitseni."

"Khalani kaye pansi muone." Anandionetsa kaundula wa alendo onse ofika patsambalo, mizere yosatha yoyenda chokwera. "Munthu akadina linki pa Fesibuku, kapena akatipeza pofufuza pa Gugo, foni yake imabwera ndi kachizindikiro konena komwe wachokera. Zili ngati mkhristu wosamuka mpingo, amabwera ndi kalata yosamukira. Onani mzere uwu, ukuti wachokera pa Fesibuku. Uwunso chimodzimodzi. Tsopano onani awa." Analoza mizere yambirimbiri yomwe malo a chizindikirocho anali ndi kamzere kakang'ono kokha. "Opanda kalata. Zinyalala zanu pafupifupi zonse akubweretsa ndi amenewa."

"Nanga mukudikira chiyani? Ikani sefa. Wopanda kalata asalowe."

"Zimenezo n'zosavuta, mphindi zisanu zakwana. Koma si onse opanda kalata ali maloboti. Munthu wolemba yekha adiresi mufoni, chilembo ndi chilembo, nayenso amafika wopanda kalata, chifukwa sanadzere kwina kulikonse. Ena odina linki pa Watsapu amafikanso chomwecho."

"Masiku ano ndani amakhala pansi n'kumalemba adiresi yonseyo? Aliyense amangodina."

"Alipo, alamu. Mundipatse sabata imodzi ndipeze njira ina."

"Sabata? Amayi akutha, ine ndikuswera kuwerenga za juga, inu mukuti sabata? Tsekani lero, ndili pompano."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu, n'kuyamba kulemba. Atamaliza anandifunsa mawu oti wobwezedwayo aziona pakhomo potsekapo. Iwo anali ataikapo kachiganizo kaulemu ka Chingerezi kopepesa. Kupepesa maloboti! Ndinakoka laputopu n'kufufuta, n'kulembapo anga: Bwererani komwe mwachokera, kuno sitikukufunani.

"Maloboti sawerenga Chichewa," anatero a Owen.

"Aphunzira."

Ndikunena zoona, pa nthawiyo sindinakumbuke n'komwe kuti mawu amenewa ndinawanenapo kale, ndiponso kwa ndani. Anangotuluka okha m'zala. Za timapepala ta a Mose sizinandidutse m'mutu ngakhale pang'ono. Ndinatuluka m'shopumo ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Sefa inagwiradi. Zinyalala zinatha tsiku lomwelo, tsamba linapepuka, mabanja anasiya kudandaula. Koma bata limenelo linandizunza kuposa phokoso lija. Foni inangokhala duu. Ndinkaiyang'ana, kuizimitsa, kuiyatsanso, kukwera pachulu cha kuseri kwa sukulu poganiza kuti mwina ndi netiweki. Ndikaweruka ndinkayenda theka la ola kupita kumudzi kwa amayi, ndipo ndisanavule nsapato funso linali lomwelo.

"Kodi kachipangizo kako kanena chiyani lero?"

"Sikananene, amayi."

"Mawa kanena," ankatero, n'kutembenukira kukhoma.

Kupuma kwawo kunayamba kumveka munthu uli pabwalo. Sankathanso kugona chagada, tinkawatsamiritsa pa mapilo atatu. Ine ndinkasesa posesa kale, kuchapa zochapa kale, kukalipira nkhuku, kukalipira amuna anga, kukalipira ana a sukulu pa zolakwa za dzana. Mumtima ndinali nditayamba kuwaimba mlandu a Alufeyo kachiwiri. Munthu wanji amene dziko lonse likuona nkhope yake pa intaneti, iye osatukula ngakhale chala?

Patatha mwezi, Lachiwiri m'mawa, a Owen anandiimbira ndili m'kalasi. Iwo saimba foni wamba. Anangoti, "Alamu, mukaweruka mubwere. Ayi, musaweruke, bwerani pompano." Ndinasiyira ana ntchito pa bolodi n'kuthamangira kumsewu.

Nthawi iyi sanandipatse moni. Laputopu inali yotsegula kale. "Sefa yanu ija ndinaisiyira kaundula wake wa onse amene yawabweza. Dzulo ndinati ndione amene tikuthamangitsa." Anatsitsa mizere, zikwi ndi zikwi. "Maloboti ndi awa. Amachokera kunja kwa dziko, amagogoda kambirimbiri pa mphindi imodzi, usana ndi usiku, ndipo onse amathamangira kukabokosi kolembamo. Ndinawachotsa onsewo, kenako ndinachotsa ofika patsamba loyamba ndi pa manambala ena. Anatsala awa."

Panatsala mizere isanu ndi inayi yokha.

"Foni imodzi," anatero. "Ya netiweki ya kuno kwathu, kafoni kakang'ono ka mabatani. Sinapite kwina kulikonse, inalunjika pa 47. Onani masiku ake. Lamulungu, wani koloko masana. Yayesa, yabwezedwa. Pakapita mphindi zinayi yayesanso. Pakapita zina zinayi yayesa kachitatu, n'kusiya. Mphindi zinayi ndi nthawi yoti munthu alembenso adiresi yonse pa mabatani, poganiza kuti analakwitsa. Lamulungu lotsatira chimodzimodzi. Lamulungu lachitatu chimodzimodzinso. Alamu, maloboti sadikira kuti mapemphero athe."

Adiresi yothera pa 47 inali malo amodzi okha padziko, pa timapepala tija.

"Nanga dzana?" ndinafunsa. "Lamulungu la dzanali?"

"Sinabwere."

Apa m'pamene ndinakumbuka mawu a pakhomo paja, ndipo ndinawamva m'makutu ndi liwu langa lomwe, pasiwa pa abambo. Ndinagwira tebulo. A Owen sanati ndinakuuzani. Akanatero bwenzi ndapeza wokalipira, ndipo mwina zikanandipepukira. Anangochotsa sefa ija ndikuona, n'kuika pakabokosi funso limodzi loti aliyense wofuna kulemba ayambe wayankha: Kodi mbuzi ili ndi miyendo ingati? Anati maloboti akunjawo agwa pomwepo, koma munthu, kaya ali ndi kalata kaya alibe, alowa.

"Kaundulayu sanganene komwe foniyo ili?" ndinafunsa.

"Amangoti Malawi. Zotsalazo funsani amene anagawa mapepala."

Ndinaimbira a Mose pomwepo. Anayankha mosangalala ngati palibe chachitika. Timapepala sanataye ayi. Mlatho wa njira yawo unakokoloka mu Febuluwale, ndiye anakafika kumaesiteti mochedwa, Lamulungu lachiwiri la Malichi, ndipo anawerenga pa nyumba ya mapemphero imodzi yokha, pa esiteti ina kupitirira Nsaru.

"Anatenga ndani, abambo?"

"Aa, ambiri anatenga, mwana wanga. Ena mwina okulungira fodya. Koma ukafika ufunse mayi Hana, amatchaja mafoni ndi sola kuseri kwa tchalitchi. Za mafoni zonse kumeneko zimathera pakhonde pawo."

Lachitatu m'mamawa ndinali pa kabaza ya njinga yamoto. Mvula inali itagwa, msewu wa dothi unali phala, ndipo kawiri ndinatsika kuti tikankhe. Woyendetsa ankafuna kucheza za mpira, ine ndinkangomuuza kuti aonjezere moto. Tinadutsa minda ya fodya yothyoledwa masamba a m'munsi, zigafa zazitali zofolera udzu, timanyumba ta matenanti tondondozana. Ndinafika nsapato zili m'manja.

Mayi Hana ndinawapeza pakhonde, mafoni oposa khumi atandandalika pa mphasa, mawaya ali piringupiringu. Nditatchula dzina la achimwene anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi a matopewo.

"Inu ndinu achemwali awo, eti?"

"Ndine."

"Ndinu amene munalemba zija?"

Ndinangovomera ndi mutu.

Sanakweze mawu, koma sanandinyengererenso. Anati tsiku lomwe a Mose anawerenga dzinalo, a Alufeyo anali m'tchalitchimo, ndipo anthu onse anatembenuka kuwayang'ana. Atatuluka anabwera ndi kapepala, poti foni yawo ndi yongoimbira. Maso awo saonanso bwino zilembo zing'onozing'ono, ndiye mayi Hana ndiwo ankalemba adiresiyo pa foni ya iwo eni, ndiponso ndiwo ankawerenga. Anawerenga mokweza, pakhonde pomwepo, anthu odikira mafoni awo akumva.

"Anati ndalakwitsa kulemba, ndiyambirenso. Ndinayambiranso, mawu omwewo. Kachitatu, omwewo. Sabata yotsatira anabwera atavala malaya oyera, ati mwina tsiku lija makina anasokonekera. Sabata yachitatu nditawerenga anapinda kapepala kaja bwinobwino n'kuika m'thumba. Anati, 'Musadzivutitsenso, mayi. Foni siinalakwe. Mawuwo mwini wake ndikumudziwa.'"

Ndinawafunsa komwe ndingawapeze achimwenewo.

"Ali ku chigafa chachitatu kuchokera kuno," anatero mayi Hana, n'kuweramira mafoni awo.

Ndinawapeza atakhala pa chitsa m'mphepete mwa chigafa, akusoka fodya, singano yaitali ikuboola mitsitsi ya masamba awiriawiri. Anali ataonda, tsitsi lachita imvi m'mbali, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Anandiona ndidakali patali, koma singano siinaime. Ndinanyonyomala chapatali pang'ono, monga tinaphunzitsidwira.

"Achimwene."

"Mwabwera kudzanena pamaso?" anatero. Kale ankanditchula kuti iwe. Inu ameneyo anandilasa.

Ndinayamba kulongosola za maloboti, za juga, za kalata yosamukira, za sefa. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikuyankhula zopusa. Mphunzitsi wathunthu, matope mpaka m'maondo, akufotokozera munthu wosoka fodya kuti ankakalipira timapulogalamu ta kunja kwa dziko.

"Ndiye ine ndine loboti?"

"Ayi, achimwene. Makinawo sakanatha kusiyanitsa."

"Makina sakanatha. Nanga mawuwo anapeka ndi makina?" Anakoka ulusi n'kukankhira masamba kumapeto. "Zaka zonsezi ndimati mwina munanena chifukwa cha chisoni cha maliro. Dzina langa litawerengedwa m'tchalitchi ndinati zatha, andikhululukira. Ndinangofuna ndione kaye zomwe mwalemba ndisananyamuke, kuti ndisadzachitenso manyazi pabwalo paja. Ndinagogoda masabata atatu."

"Ndikudziwa. Ndawona mizere yake, isanu ndi inayi." Misozi inali itayamba, ndipo sindinaipukute. "Koyamba ndinanena ndikukuonani, kachiwiri ndinalemba ndisakukuonani, koma konse kuwiri ndinalakwa. Pepani. Zomwe zinali kuseri kwa chitseko chija ndi izi: amayi akudwala mtima. Adokotala atibweza. Tsiku lililonse amafunsa za inu."

Singano inaima.

"Akuyankhula?"

"Akuyankhula, koma mpweya ukuchepa."

Anayambanso kusoka. "Fodya uyu wathyoledwa dzulo. Akapanda kukwera m'chigafa sabata ino awola, ndipo si wanga ndekha. Ndamva. Pitani, mvula ingakupezeni."

"Mubwera?"

"Ndati ndamva."

Mkwiyo wanga wakale unakwera mpaka pakhosi. Fodya! Amayi akutha, munthu akuwerengera masamba! Mawu anali okonzeka kale pa lilime, akuthwa bwino. Ndinaluma mlomo mpaka kumva kukoma kwa magazi. Ndinalemba nambala yanga ya foni pa kapepala, n'kukapsinja ndi mwala pafupi ndi phazi lawo, n'kutsanzika. Sanandiperekeze.

Amayi sindinawauze kuti ndawapeza. Ndinaopa kuwapatsa chinthu chomwe mwina sichifika. Lachinayi anakana phala. Lachisanu anayamba kusokoneza mayina, kunditchula dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Ine ndinapempha tchuthi kusukulu n'kusamukira kumudziko, ndipo ndinkazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna koikira. Foni siinalire. Pamwamba pa nambala 47 ndinalembapo mawu akuluakulu oti, Achimwene, chitseko n'chotsegula. A Owen anandikonzera kuti kaundula uja ndizimuona pa foni yanga, ndipo ndinkamutsegula mwina kakhumi pa ola. Maloboti ankafika, kugwa pa miyendo ya mbuzi, n'kubwerera. Ankafikanso anthu enieni opanda kalata, ofuna nambala 12, nambala 30, nambala 8, ndipo ndinachita mantha poganiza kuti mwezi wonse uja ndinabweza angati a mabanja a eni.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinasambitsa amayi, kuwatsamiritsa, n'kukakhala pakhonde foni ili m'manja. Ndinadziuza kuti ngati mtima wawo wafewa pang'ono, apita kwa mayi Hana mapemphero akatha, awerengeredwe mawu atsopanowo. Thwelofu koloko inakwana. Hafu pasiti. Wani koloko ndinasiya kuphethira. Mizere inkabwera, ya kunja, ya kunja, ina ya nambala 12. Pa 47 panalibe aliyense. Thu koloko inadutsa. Ndinaimirira, kukhala, kuimiriranso, kupita kuseri kwa nkhokwe komwe netiweki imakoka bwino, kubwerera. M'nyumba amayi ankapuma ngati munthu wokwera phiri. Itakwana fili koloko ndinaika foni chafufumimba pa mkeka n'kubisa nkhope m'chitenje. Ndinawataya achimwene kawiri ndi pakamwa panga pomwe, ndipo tsopano amayi apita osawaona chifukwa cha ine.

"Odi."

Ndinatukula mutu. Anali ataima kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi mtengo wa mango, atagwira njinga yakapalasa yodzaza matope m'masipoko. Malaya oyera aja anali atanyowa ndi thukuta. Anali ataima pamalo pomwe anaima tsiku lija ndi kachikwama paphewa, ndipo sanaponde phazi limodzi kupitirira pamenepo. Sankayang'ana chitseko cha nyumba. Ankayang'ana ine.

Ndinali ndi mafunso a zaka zisanu ndi zitatu: munali kuti, munkadya chiyani, muli ndi banja kodi, bwanji osaimba Lachinayi. Ndinaimirira, chitenje chikugwa.

"Odi," anabwereza, chapansipansi.

"Lowani, achimwene. Kuno n'kwanu."

Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kudutsa bwalo pang'onopang'ono. Pakhonde anavula nsapato. Podutsa pafupi nane anati, "Fodya ndamaliza kukweza dzulo madzulo. Iwe Faness, wakalamba bwanji?" Ndinaseka ndikulira, mamina ndi misozi pamodzi, mphunzitsi woopedwa ndi mbuzi.

M'chipindamo anagwada pambali pa bedi. Amayi anatsegula maso, n'kuyang'ana nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba kuti awatchula dzina la munthu wina. Kenako anatambasula dzanja lawo lotupa n'kugwira la achimwene, kulitembenuza uku ndi uku.

"Alufeyo," anatero. "Manja awa, kumene uliko kulibe sopo?"

Sanawafunse komwe achokera, tsiku limenelo kapena masiku otsatira. Anatisiya Lachinayi m'mawa, dzuwa litangotuluka, atatsamira pachifuwa pa mwana wawo m'malo mwa mapilo aja, ine nditagwira mapazi.